Mphika Umene Mayi Sopo Anatsuka

"Mayi! Mayi inu! Mphika uja uli kuti?"

A Mapale anali chiimire pakhomo la kachipinda ka mabuku, dzanja lamoyo litagwira chitseko, lakufa lija likulendewera. Katoni inali pansi, ili yasa, mulibe kanthu. Nyuzi zimene anakulungira mphikawo zinali pampando, zopindidwa bwinobwino ngati zovala zosita.

"Musakuwe choncho, magazi angathamange," anayankha mkazi wawo, Mayi Sopo, ali kuseri kwa nyumba. "Bwerani mudzaone nokha."

Bamboyo anatuluka akukoka mwendo. Pathandala, pakati pa mbale ndi makapu, panali mphika wadothi uja, wosweka mbali imodzi, uli psuu padzuwa ngati auumba dzulo. Mapale ena onse anali atayalidwa pathaulo, aakulu paokha, ang'onoang'ono paokha. Mayi Sopo anaima pambali, manja m'chiuno, thovu lidakali m'zigongono, kudikira kuti ayamikiridwe.

"Wandivuta koopsa," anatero. "Mwaye wake unali wamakani. Ndinauviika m'madzi otentha mutangonyamuka kupita kuchipatala, kenako waya, kenako mchenga. Zopserera zam'kati zija ndachita kupala ndi supuni. Taonani, tsopano timizere take tikuoneka."

A Mapale sanakuwenso. Bola akanakuwa. Anatsetsereka ndi khoma nakhala padothi penipeni, buluku lawo lopitira kwa anthu likuda, maso ali pamphikawo.

"Nanga manambala ndinalemba pamapalewo?"

"Inki ija? Ija sinavute, inachoka ndi madzi oyamba."

"Mwandipha, mayi," anatero motsitsa mawu. "Mwandipha ndi manja oyera."

Maina awiriwa anawapatsa ndi anthu a m'dera lawo, ndipo anthu akamakupatsa dzina salakwitsa. Mayiyu ankakolopa khonde kawiri patsiku, ndipo mlendo akangodzuka pampando, kansanza kanali katafika kale. Bamboyu anaphunzitsa mbiri yakale kusekondale zaka makumi atatu, mpaka sitiroko inawatsitsa pabolodi. Koma matenda awo enieni anali phiri la kuseri kwa tauni. Loweruka lililonse, mwendo usanafe, ankakwerako ndi kakhasu, burashi ndi kope, n'kubwerako ndi mapale m'timapepala. Ankati paphiripo panali mzinda wa anthu osula zitsulo, a mafumu awo ndi misika yawo, amene lero palibe akudziwa ngakhale dzina lawo.

"Inu mumangodziwa Aroma ndi Aiguputo chifukwa ali m'Baibulo," ankauza aliyense amene wachita tsoka lokhala nawo pafupi m'basi. "Nanga Akisumu, amene ankasula ndalama zawozawo? Nanga Kushi? Nanga Kanemu? Maufumu athunthu, mbale wanga, dziko linangowaiwala. Ndipo alipo ena amene anadziwika chifukwa munthu mmodzi anawerama n'kutola phale."

Anthu ankaseka. Mkazi wawo ankaseka nawo, chifukwa kuseka nawo kunali kosavuta kuposa kusekedwa. Ankati mapalewo ndi mkazi mnzawo, wosaphika, wosachapa, koma wogona m'chipinda chakechake.

Chaka chimenecho phirilo analigula a kampani yophwanya miyala. Analizinga ndi waya, anabweretsa makina, n'kumata chikalata pageti chakuti Lolemba teni koloko m'mawa ayamba kuphulitsa. A Mapale analemba makalata ndi dzanja lamanzere, zilembo zikugwerana, kupita kulikonse kumene kuli chidindo. Anayankha ndi munthu mmodzi yekha, dokotala wina wamkazi wa kuyunivesite, wofukula zakale. Anati abwera Loweruka kudzaona mphika umene aphunzitsi anaufukula ndi mwaye wake womwe. Tsiku limene mphikawo unatsukidwa linali Lachisanu.

"Ine ndimati mlendo asatione ngati anthu auve," anatero Mayi Sopo, manja akutsika m'chiuno. "Munthu wophunzira chotero ndimuonetse mphika wakuda bii, wa zopserera? Akanati mkazi wa pakhomo pano ndi wotani?"

"Akubwerera zopserera zomwezo."

"Mukuti bwanji?"

"Mwaye ndi zopserera. Amapala pang'ono, amatumiza kumakina, makinawo amanena nthawi imene moto unayaka pansi pa mphikawo. Akangotenga n'kulemba kuti zapita kukayezedwa, unduna woona zinthu zakale umaimitsa kampani mpaka yankho libwere. Mphika wopanda mwaye sulankhula, mayi. Ndi dothi chabe."

"Nanga bwanji simunandiuze?"

"Ndinati musakhudze."

"Musakhudze, musakhudze! Zaka makumi atatu mukuti musakhudze, ngakhale kangaude wa pakona! Munandiuzapo chifukwa chake?"

"Ndikayamba kufotokoza mumayasamula."

Zinali zoona, ndipo zinawalasa kuposa mwano. Mayi Sopo anathamangira kungalande kumene anataya madzi otsukira. Anagwada m'matope, iwo amene sankalola ngakhale nkhuku kuponda pakhonde, nayamba kufukula ndi zala. Munali thovu, makoko a mazira ndi masamba a tiyi. Madzi akatayika saoleka, koma munthu wothedwa nzeru amayesabe.

Pampanda panatulukira mutu. Anali aneba awo, mayi wogulitsa makala, amene khutu lawo silinaphonyepo mkangano wa nyumba iliyonse mumzerewo.

"Anzanga, mwataya ndolo?"

Mayi Sopo anafotokoza, misozi ili mbwembwembwe. Pamenepo n'kuti bambo atadzikoka kulowa m'nyumba. Mayi wa makala anamvetsera mpaka kumapeto, kenako anaomba m'manja.

"Basi zomwezo? Mukulirira mwaye muli pafupi ndi ine? Mwaye ndi mwaye, anzanga! Bweretsani mphikawo tiutereke pambaula, tiponyemo nyemba zipserere. Pofika madzulo ukhala wakuda kuposa poyamba. Dokotalayo analipo pamene azigogowo ankaphika?"

"Koma ati makina amadziwa."

"Makina ati? Makina a kuchipatala anandiuza kuti ndili ndi mwana mmodzi m'mimba, ndinabereka awiri. Tabweretsani, nthawi ikutha."

Munthu womira amagwira ngakhale udzu. Mayi Sopo anapukuta manja, ananyamula mphikawo ngati khanda, nayamba kuyenda monyang'ama kulowera kukageti ka pampanda. Anaiwala kuti njirayo imadutsa pawindo la kuchipinda.

"Mukupita nawo kuti?"

Anaima. Bodza linafika pakamwa koma linakana kutuluka.

"Kwa anebawa. Tiudetseko pang'ono."

A Mapale anali atakhala pabedi, nkhope ili pafupi ndi windo.

"Makina adzati moto unayaka Lachisanu lino," anatero. "Ndiye adzalemba kuti mphunzitsi uja sanali wamisala chabe, analinso wabodza. Zamisalazo ndinavomera kalekale. Zabodza ayi. Ubwezeni mukatoni. Ndipo chonde, mayi, lero musandithandizenso."

Mawu otsirizawo anawapweteka kuposa oyamba aja. Chichitikire sitiroko, ndi iwo amene ankawasambitsa, kuwamanga mabatani, kuwadulira nyama m'mbale. Lero akuti musandithandizenso! Anabweza mphikawo, anauza aneba kuti zalephereka, nakhala pakhonde manja ali pamutu. Sanakhalitse. Dzuwa litangopendeka anatenga khasu la kudimba ndi nsalu yakale, natuluka osatsanzika.

Dzenje limene amuna awo ankafukulamo mapale paphiri paja ankalidziwa. Anafikako kamodzi kokha, tsiku limene anakatenga chikwama bamboyo atagwa. Kugeti sanapite. Anazungulira kuseri kwa phiri, kumene mbuzi zinakweza waya, nakwawa chafufumimba, mayi wa zidzukulu zinayi, diresi likukodwa m'minga. Pokwera mawondo ankalira. Pafupi ndi mwala wong'ambika pakati anapeza lata lopsinjidwa ndi miyala. Anachotsa miyalayo umodziumodzi n'kukankha latalo.

Dzenjelo linali lofika m'chiuno, makoma ake osalala ngati anachita kupaka pulasitala. Munthu amene sankadziwa kupachika thaulo pamalo pake, kuno anali waudongo chonchi! Pakhoma limodzi panadutsa mzere wakuda. Mayi Sopo anatsikira m'dzenjemo, natema ndi khasu kawiri. Dothi linagumuka, ndipo pakati pa makala panagwa phale lalikulu ngati chikhatho, lakuda bii.

"Ndani uyo? Imani pomwepo!"

Anali mlonda wa kampani, bambo wa ndevu, chibonga m'manja. Atasuzumira m'dzenje, chibonga chinatsika.

"Aaa, amayi aphunzitsi! Mukufuna mundichotsetse ntchito?"

"Mwanawe, sindinabe kanthu. Ndi phale chabe."

"Ndikudziwa kuti ndi phale. Ndinalephera mayeso a abambowo kawiri, koma za Akisumu ndimazilotabe mpaka lero." Anawapatsa dzanja n'kuwakoka. "Taonani uko. Mabowo awo oikamo zophulitsira aboola dzana, khumi ndi anayi. Lapafupi ndi ilo, mapazi khumi kuchokera pano. Lolemba pano pakhala fumbi lokhalokha. Pitani, amayi, ine sindinakuoneni. Koma musabwerenso, ndili ndi ana asanu."

Anafika kunyumba ali mbuu ndi dothi, diresi litang'ambika pamsana. Anagwada pafupi ndi bedi namasula nsalu ija.

"Abambo, taonani. Mwaye wake uwu. Sindinaukhudze ndi madzi."

Maso a bamboyo anawala kanthawi kochepa. Anatambasula dzanja, kenako analibweza.

"Linali lakuya bwanji?"

"Chapakati."

"Munayeza? Munajambula lisanachoke? Anaona ndani?"

"Mlonda."

"Mwakumba ndi chiyani?"

Mayi Sopo anacheukira kumbuyo. Khasu linali litatsamira pakhomo, likuoneka.

"Khoma lija ndinalisalaza ndi supuni miyezi itatu," anatero a Mapale, natsinzina. "Safunsa anadya phula. Mwagumula lonse?"

"Pang'ono pokha. Mzere wakuda udakalipo."

Bamboyo anatembenukira kukhoma. Chakudya chamadzulo chinabwerera kukhitchini momwe chinapitira.

Dokotala anafika Loweruka chakumasana, mayi wamfupi wa majombo afumbi. Analowa nawo m'nyumba momwemo, pasimenti pokolopedwa kawiri, nakana mpando wa nsalu yoluka n'kukhala pansi m'kachipinda ka mabuku. Anayamba ndi makope. Anatsegula limodzi, lachiwiri, lachisanu, akugwedeza mutu, chala chikutsata zojambula za dzenje ndi manambala.

"Aphunzitsi, munaphunzira kuti zimenezi? Ophunzira anga salemba mwadongosolo chonchi."

"M'mabuku, adokotala. Ndi kulakwitsa."

Mayi Sopo anali pakhomo ndi thireyi ya tiyi. Anaona amuna awo akuwongoka pampando, tayi itapendekeka, nkhope ikuwala ngati tsiku la ukwati. Zaka zonsezi palibe anawauzapo mawu otere, ngakhale mmodzi, ngakhale iwo amene ankagona nawo bedi limodzi. Thireyi inayamba kulemera.

"Tsopano tione mphika uja," anatero dokotala, akuvala magolovesi.

Anatsegula katoni. Anautulutsa, anauzunguza, anasuzumira m'kati. Kenako anaununkhiza.

"Anatsuka ndani?"

"Ndine," anatero a Mapale msangamsanga. "Matendawa, adokotala. Mutu umasokonezeka nthawi zina. Ndimati uoneke bwino."

Dokotala anawayang'ana, ndipo ulemu uja unayamba kuzilala pankhope pake. Anatenga cholembera.

"Akunama!" Makapu analira pathireyi. "Akunama, adokotala, musalembe. Dzanja limodzi lingakweche mphika chonchi? Taonani manja anga, waya anandicheka apa. Ndine ndinatsuka. Iwo anausunga zaka zinayi osalola ngakhale mphepo. Ndine chitsiru chake, lembani ine."

"Mayi, khalani chete."

"Sindikhala chete! Akusekeni chifukwa cha ine?"

Dokotala anaika cholembera pansi napuma mozama. "Amayi, tulani thireyiyo musanaswe makapu. Si inu oyamba, ndipo simukhala otsiriza. Koma sindikunamizani, apa palibe chimene ndingapale. Njira zina zilipo, zimatenga miyezi, ndipo ndi sopo amene walowamu sindikudziwa ngati zingathandize. Mapale enawa, popanda manambala, sindingadziwe kuti liti linachokera pati."

Mayi Sopo anathamanga kukatenga nsalu ija, naitambasula pansi pamaso pa mlendo. Dokotala anawerama, osaligwira phalelo.

"Lokongola," anatero. "Koma ndikapita nalo, loya wa kampani adzandifunsa kuti ndinalipeza kuti. Ndidzati m'nsalu ya amayi. Adzati mwina analitola kudzala. Munalichotsa pati?"

"Pamzere wakuda."

"Wotani mzerewo?"

"Zala zitatu kunenepa kwake. Pamwamba pali dothi lofiira, pansi lachikasu. Muli makala, ndi timiyala tolemera, tobowokabowoka ngati tinasungunuka. Kudzanja lamanja mzerewo ukunka nunenepa, ukulowa pansi pa mwala."

Diso la munthu wosaka fumbi m'makona silinaphonye kanthu. Dokotala anayang'ana a Mapale, ndipo a Mapale anayang'ana mkazi wawo ngati akumuona koyamba.

"Ngati zili choncho, pamenepo panali ng'anjo kapena pafupi nayo," anatero dokotala. "Nditati ndichotse makala pamzerewo ndi dzanja langa, nditajambula ndi kuyeza, zimenezo unduna ungalandire."

"Ndiye tiyeni! Tiyeni pompano! Kuseri kuli pokwawira, ndikuonetsani."

"Sindingalowe ngati mbuzi, amayi. Chimene ndatenga mozemba, palibe ofesi ingachilandire, ndipo ntchito yanga ithera pomwepo. Pafunika chilolezo cholembedwa."

Anatulutsa foni naimbira bwana wa kampani. Anthu onse m'chipindamo anamva yankho lake: mubwere ndi pepala la boma, apo ayi musanditayitse nthawi, makina ndachita kubwereka. Anaimbira wina wa kuunduna. Uyo anati maofesi ndi otseka, pempho lilowe Lolemba, ndipo wosainira ali kumsonkhano mpaka Lachitatu.

"Ndikathamanga nazo ndekha, Lachinayi m'mawa ndikhoza kufika ndi pepala," anatero dokotala. "Kuposa apo sindingathe."

"Lachinayi," anatero a Mapale, naseka kaphwete kowawa. "Ufumu unadikira zaka mazanamazana, walephera masiku atatu."

Dokotala anapepesa, anajambula masamba ena a makope, nanyamuka. Tiyi anazizira m'makapu osamwedwa.

Lamulungu Mayi Sopo sanapite kutchalitchi. Anapeza amuna awo m'kachipinda kaja akuponya makope mukatoni, limodzilimodzi, ndi dzanja limodzi lija.

"Mukawapatse anebawo," anatero osatembenuka. "Aziyatsira mbaula. Mapepala ake ndi ouma bwino."

"Abambo, musatero."

"Nanga ndisungirenji? Mawa masana akhala makope a malo amene kulibe."

Mankhwala a m'mawa anali pambale pomwe anawasiyira, ndipo a masana anawapeza pomwepo. Bamboyo sanakalipe, sanadandaule, anangogona chagada maso ali kudenga. Mayi Sopo ankawadziwa amuna awo. Sitiroko inawalanda dzanja ndi mwendo koma sinawagonjetse, chifukwa m'mawa uliwonse ankatsegula windo n'kuona phiri. Mantha anawagwira mayiyo, mantha enieni, kuti phirilo likaphulika mawa, pakhomo pano pakhala maliro mwezi usanathe. Ndipo adzakhala atawapha ndi iwo, ndi waya wa m'khitchini.

Lolemba anadzuka kusanatenthe. Khonde sanakolope. Anaika madzi ndi mankhwala pampando pafupi ndi bedi, anauza mayi wa makala kuti azisuzumirako, natenga botolo la madzi, bulangete, buledi ndi ambulera.

"Mukupita kuti ndi katundu?" anafunsa a Mapale.

"Kuphiri."

"Kukatani? Mukagumule chotsalacho?"

"Khasu ndalisiya. Ndikukakhala."

"Kukhala?"

"Mpaka Lachinayi. Aphulitse ndili pomwepo, tione."

Bamboyo anadzuka ndi chigongono. "Mwapenga? Akakumangani! Mayi wamkulu ngati inu, anthu adzati chiyani?"

"Adzati pakhomo paja amisala alipo awiri. Imwani mankhwala."

Anayang'anana. Mayi Sopo anadikira kuti awaletse, ndipo mumtima ankafuna ndithu kuti awaletse.

"Musakakhale m'mphepete mwa dzenje," anatero a Mapale potsiriza. "Khoma lingagumuke. Mukakhale palata, kumbali ya mwala. Ndipo musalole munthu kupondapo." Anatambasula dzanja natenga mankhwala aja.

Mlonda anawapeza atakhala palata lija itangokwana naini koloko, akuzungulira kuona ngati m'katimo mulibe mbuzi kapena munthu asanaimbe wenzulo. Anangogwira kumutu.

"Amayi, ndinakupemphani! Ana anga adya chiyani?"

"Ukanene kuti wandipeza, mwanawe. Ndiyo ntchito yako, waigwira bwino. Pita ukanene."

"Tiyeni ndikuperekezeni mwaulemu, chonde. Waya alumikiza kale m'mabowomo."

Mayi Sopo anayang'ana. Zinali zoona, nthambo zofiira zinali zitatuluka m'mabowo onse, ndipo ina inadutsa pafupi moti akanatha kuikhudza ndi ambulera. Anagwira bulangete ndi manja onse awiri.

"Sindichoka."

Posakhalitsa anakwera kapitawo, chipewa chachikasu kumutu, thukuta lili kamukamu, anyamata a makina akumutsata kudzaonerera.

"Mayi, kuno si kumsika. Mukudziwa kuti pansi apa pali chiyani?"

"Ndikudziwa kuposa inu. Pali ng'anjo ya eni ake a phirili."

Anyamata aja anaseka. Wina anati, "Ndi akazi a aphunzitsi a mapale aja. Matendawa ndi opatsirana!"

"Ndilibe nthawi ya nthabwala," anatero kapitawo. "Anyamata, anyamuleni."

Palibe anasuntha. Mayiyo anali wa msinkhu wa amayi awo, ndipo theka la iwo anadutsa m'kalasi la a Mapale. Wina anayamba kumanga chingwe cha nsapato chomangamanga kale.

"Ine sindigwira mayi wa munthu, bwana," anatero mlonda. "Akagwa apa, mlandu ukhala wa ndani?"

Kapitawo anavula chipewa, anapukuta thukuta, nayang'ana wotchi.

"Mukufuna chiyani, mayi? Tinene kuti ndakumverani. Mukhala pano mpaka liti?"

"Lachinayi."

"Lachinayi! Mugona pano? Mvula ikagwa?"

"Idzandipeza."

"Ndikuitana apolisi."

"Aitaneni, bambo. Koma muwauze adzere mbali iyi. M'mphepete mwa dzenjemu saponda."

Kapitawo anatukwana chapansipansi natsika phiri foni ili kukhutu. Anyamata anabalalika kukakhala pamthunzi wa makina. Mlonda anatsalira chapatali, wenzulo ali m'thumba, osadziwa koyang'ana.

Teni koloko inakwana, inapitirira. Kumunsi tauni inkaoneka yonse, ndi denga lawo lomwe, windo la kuchipinda lili lotsegula. Mayi Sopo anamwa madzi pang'ono kuti asathe msanga, anatsegula ambulera, nayamba kuyang'ana kumsewu kumene galimoto ya apolisi itulukire.